Kapeti Yonyowa Dzinja Lililonse: Kumene Madzi Amalowera M'galimoto Yopinda Denga

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, eni magalimoto opinda denga amayamba kudandaula zofanana. Kapeti yanyowa kuseri kwa mpando, magalasi akuchita nthunzi m'mawa uliwonse, m'galimoto mukununkha chinyontho. Amaumitsa, dzuwa likawala masiku angapo vuto limakhala ngati lapita, koma mvula ikabwerera madzi nawonso abwerera. Chaka chamawa chimodzimodzi. Ambiri amafulumira kugamula kuti denga latha, ena amagula chubu cha silikoni n'kumata paliponse pamene akukayikira. Komatu mwa magalimoto otere amene ndawaonapo akudontha, ochepa kwambiri ndi amene nsalu yawo inali yobooka.

Ndikamba kwambiri za Mazda MX-5, chifukwa mwa magalimoto amipando iwiri opinda denga ndiyo yochuluka padziko lonse. Inatuluka mu 1989, imapangidwa ku Hiroshima, ndipo pofika mu Epulo 2016 anali atapanga miliyoni imodzi. Ikachokera ku Japan, monga mmene magalimoto athu ambiri amabwerera kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, kumbuyo kwake sikulembedwa MX-5. Yakale ija ya nyali zotukuka imalembedwa Eunos Roadster, zotsatira zake Mazda Roadster. Mibadwo yake ndi inayi ndipo ogulitsa zipangizo amaitchula ndi zilembo: NA ya 1989 mpaka 1997, NB ya 1998 mpaka 2005, NC ya 2005 mpaka 2015, ndi ND kuyambira 2015. Dziwani yanu, chifukwa uliwonse uli ndi malo ake amene umakonda kudontha. Amene muli ndi BMW Z4, Toyota MR-S kapena Porsche Boxster musachoke, zambiri mwa izi ndi zanunso.

Choyamba kumvetsa n'chakuti denga lopinda silinapangidwe kuti litsekereze madzi onse kunja. Kumbuyo, pamene nsalu imalowa m'thupi la galimoto, pali mpata, ndipo mpatawo ndi wadala, apo ayi denga silikanapindika. Madzi otsetsereka padenga amalowa mumpatamo, n'kugwera m'ngalande ya pulasitiki imene inazungulira m'munsi mwa nsalu. Ngalandeyo imawapititsa kumakona awiri, kumanzere ndi kumanja, kuseri kwa mipando pafupi ndi pamene lamba amatulukira. Pamenepo pali bowo, pansi pa bowolo pali payipi yodutsa m'kati mwa thupi la galimoto, ndipo madzi amatulukira pansi, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Zili ngati nyumba ya malata imene ngalande zake za m'mphepete mwa denga anazidutsitsa m'kati mwa khoma: payipi ikatsekeka, madzi samasefukira panja koma kuchipinda. Ndiye kuti mvula iliyonse, ngakhale galimoto ili yabwinobwino, madzi amadutsa kuseri kwa msana wanu inu osadziwa.

Nanga bwanji vutoli limabwera chaka ndi chaka, nthawi imodzimodzi? Ganizani zimene galimoto imakumana nazo mvula isanayambe. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi fumbi lokhalokha, ndi phulusa la moto wa m'tchire. Mu Seputembala ndi Okutobala jakaranda amayoyola maluwa m'misewu ya ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, mitengo ya mthethe nayo imayoyola timasamba tating'onoting'ono. Dzuwa la Okutobala limatikakamiza kuimika galimoto pamthunzi wa mtengo, ndipo zinyalala zonsezo zimalowa mumpata uja n'kukhala phee m'ngalande, zili zouma, osavuta munthu. Mvula yoyamba imazikokolola zonse pamodzi n'kukazipanikiza pabowo laling'ono limene chala chimalowa movutikira. Fumbi lasanduka matope, masamba agwira matopewo, payipi yatsekeka.

Kodi ndi madzi a mvula?

Musanayambe kusula chilichonse, gwirani madziwo ndi chala n'kununkhiza. Ngati ali oterera, onunkhira motsekemera, a mtundu wobiriwira kapena wofiirira, ndipo ali kumapazi kutsogolo, amenewo ndi madzi a injini ochokera m'kachipangizo kotenthetsera m'galimoto kamene kali kuseri kwa dashibodi. Onani ngati madzi a m'radiyeta akuchepa. Ngati ali oyera koma amabwera ngakhale tsiku lopanda mvula mutayenda ndi eyakoni, ndiye kuti kapayipi kotulutsa madzi a eyakoni katsekeka kapena kachoka pamalo pake. Zimenezi ziwiri sizikhudzana ndi denga.

Akakhala a mvula, malo amene mwawapeza amakuuzani zambiri, ngakhale kuti madzi amayenda pansi pa kapeti n'kukatulukira kutali ndi kumene analowera. Kuseri kwa mipando, kapena phokoso la khuvukhuvu m'mbali mwa galimoto mukaponda buleki: mapayipi otulutsa madzi. M'buti: ngalande ya pulasitiki kapena malabala a nyali zakumbuyo. Pampando penipeni kapena pantchafu panu mukamayendetsa: malabala a pamwamba pa galasi la chitseko. Kumapazi kutsogolo: m'munsi mwa galasi lakutsogolo kapena m'chitseko. Galimoto yoimikidwa potsetsereka imasokoneza zonsezi, chifukwa madzi olowera kumbuyo amathera kutsogolo. Kumbukirani mmene inaimira usiku umene inanyowa.

Kuyesa kumafuna anthu awiri, payipi yothirira kapena kheni ya kudimba, ndi tochi. Mmodzi akhale m'kati, magalasi otseka, timakapeti tapamwamba atachotsa, nyuzipepala zouma atayala pansi ndi kuseri kwa mipando. Wakunjayo athire madzi pang'onopang'ono, monga mvula imagwera, osapanikiza payipi ndi chala. Ayambire pansi kukwera m'mwamba: m'munsi mwa chitseko, kenako pamene galasi limalowa m'chitseko, kenako m'munsi mwa galasi lakutsogolo, kenako m'mphepete mwa denga kumbuyo, ndipo pamwamba pa denga pakhale pomalizira. Malo aliwonse apatseni mphindi zitatu kapena zisanu, chifukwa madzi ena amachedwa kuonekera. Mukayambira pamwamba, malo onse amanyowa nthawi imodzi ndipo simudziwa amene adontha. Anthu ambiri amalephera apa chifukwa cha changu basi.

Mapayipi a kuseri kwa mipando

Apa ndi pamene pamakhala mlandu nthawi zambiri, choncho tikhalitsepo.

Sunthirani mipando kutsogolo n'kuweramitsa misana yake. Tsegulani denga theka, lisafike pansi, kuti muone m'makona kuseri kwa pamene lamba amatulukira. Unikani ndi tochi. Pa NA ndi NB bowo limaoneka mukakankhira pambali kapeti ya pakonapo. Pa NC lili pansi kwambiri ndipo nthawi zambiri mumalipeza ndi chala, osati ndi maso. Mukapeza dziwe la madzi akuda pamenepo, yankho mwalipeza kale. Mukapeza pouma, tengani botolo la lita imodzi, thirani madzi pang'onopang'ono pakonapo, mnzanu atagwada kuyang'ana pansi kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Payipi yabwino imatulutsa madzi nthawi yomweyo, ali chuu. Akamangodontha dontho limodzilimodzi, yatsekeka theka, ndipo payipi yotere ndi imene imapusitsa anthu: mvula yowaza imaikwanitsa, koma chimvula cha mu Januwale chimaiposa mphamvu n'kusefukira m'kati. Mwini wake amati galimoto yake imadontha mwa apo ndi apo, osadziwa chifukwa chake.

Yambani mwatola ndi dzanja zinyalala zonse zili pakamwa pa bowo. Musazikankhire m'kati. Kenako mufunika chinthu chachitali pafupifupi mita imodzi, chopindika, chopanda nsonga yakuthwa. Eni magalimotowa ku Britain amagwiritsa ntchito burashi yotsukira lipenga la trombone, waya wofewa wokhala ndi tiubweya kunsonga. Kuno kwathu chimene chimapezeka pamsika uliwonse ndi chikhokho chakunja cha kebulo ya buleki ya njinga, chakuda chija, chimene waya wa buleki amadutsamo. Chimapindika bwino, n'chosalala, ndipo kunsonga mukakulungako tepi pang'ono sichingabaye kanthu. Sipoko ya njinga, waya wa hang'ala kapena waya wa mpanda, ayi ndithu. Payipiyo ndi yofewa ndipo ili pamalo pamene dzanja silifika. Mukaiboola kapena kuizula pamene inalumikizidwa, madzi onse a padenga adzayamba kuthirikira m'kati mwa chitsulo cha galimoto, ndipo kuikonza kwake kumafuna kusula zambiri. Mpweya wa kompuresa wa kokonzera matayala nawonso ukhoza kuizula chimodzimodzi.

Lowetsani pang'onopang'ono mukupotokola. Mukamva kulimba musakakamize, bwererani pang'ono, thirani madzi ofunda, yesaninso. M'njiramo muli kachivindikiro ka labala kamene kamatseguka madzi akamatsika n'kutsekeka kuti phokoso la msewu ndi fumbi zisakwere. Matope amakonda kuunjikana pamenepo. Ngati chotsukira chanu chili ndi ubweya kunsonga, ndi bwino kuchitulutsira pansi pa galimoto kusiyana ndi kuchikokera m'mwamba, chifukwa pobwerera chimatha kukola kachivindikiroko n'kukatembenuza. Payipi ikatseguka mudzadziwa: pansi pamakhuthuka madzi akuda onunkha, osakanikirana ndi timitengo ndi maluwa owola. Pitirizani kuthira mpaka atuluke oyera. Chitani mbali zonse ziwiri, ngakhale yonyowa ili imodzi.

Pa ND anaikapo sefa, kasiponji kokhala m'kachikhokho ka pulasitiki pakamwa pa bowo, ndipo buku la galimotoyo limati azitsukidwa kamodzi pachaka. Kamodzi pachaka n'zokwanira kumene kulibe fumbi ngati lathu. Ine ndinganene kuti kumapeto kwa Okutobala mvula isanayambe, kenako pakatha mvula ziwiri zitatu zoyambirira, kenakonso chapakati pa dzinja. Ndi ntchito ya mphindi zochepa mukaizolowera. Amene mumakhala ku Thyolo, Mulanje kapena kumtunda kwa Blantyre, kumene chiperoni chimanyowetsa zinthu mu Juni ndi Julayi, musaganize kuti dzinja likatha ndiye mwapuma.

Mukadali pansipo, yang'anani chitsulo champhako chimene chimayenda m'munsi mwa chitseko kuchokera kutayala lakutsogolo kufika lakumbuyo. M'mphepete mwake mwa pansi, pamene malata awiri anaphatikizidwa, muli timipata totulutsira madzi. Timatsekeka ndi matope, kapena timaphwanyika munthu akaika jeke pamalo polakwika, zimene zimachitika kawirikawiri kokonzetsa matayala m'mbali mwa msewu. Tsegulani ndi kachitsulo kopyapyala. Ngati mumamva khuvukhuvu uja, chotsani nkhope pansi pake musanatsegule.

Madzi a m'buti

Mapayipi akakhala otseguka koma buti ikunyowabe, kayikirani ngalande ya pulasitiki ija. Imamangidwa pamodzi ndi m'munsi mwa nsalu, ndipo ikakalamba imauma n'kung'ambika, makamaka m'makona ndi pamabowo a mabawuti. Imawonongekanso denga likasinthidwa ndi munthu wosazolowera: amabwezeretsa ngalande yakale yong'ambika, kapena amaipinda molakwika pomanga. Mukamva munthu akuti galimoto yayamba kudontha atangoika denga latsopano, kawirikawiri nkhani ndi imeneyi. Kumata ndi tepi kumagwira nyengo imodzi. Mankhwala ake enieni ndi ngalande yatsopano, ndipo mukamaitanitsa denga kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain, itanitsani zonse pamodzi.

Malo ena ndi osavuta: siponji ya kuseri kwa nyali zakumbuyo imaphwa n'kusiya mpata, labala wa pa eriyo amang'ambika, labala wozungulira pakamwa pa buti amachoka pamalo. Lowetsani mutu m'buti ndi tochi mutachotsa zophimba za m'mbali, mudzaona mizere ya fumbi louma imene madzi anasiya potsika. Tsatirani mzerewo kukwera m'mwamba. Pa NA ndi NB batire limakhala m'buti, m'kadzenje ka kumanja, ndiye madzi akadikha mmenemo amadya chitsulo chogwira batire ndi pamene waya wa negetivu wa batire anamangidwa kuthupi la galimoto. Galimoto imayamba kuvuta kulira, munthu n'kugula batire latsopano pamene vuto ndi madzi.

Malabala, magalasi ndi maloko

Zitseko za galimoto yopinda denga zilibe felemu yozungulira galasi. Galasi limakwera n'kukagunda labala amene ali padenga, ndipo chimene chimatseka madzi ndi kukanikizana kwa ziwirizi basi. Labala akauma ndi dzuwa, kapena galasi likalephera kufika ndi mamilimita awiri okha, madzi amadutsa.

Yesani ndi pepala. Dulani kachidutswa ka pepala, kaikeni pakati pa galasi ndi labala, tsekani chitseko, kokani. Pamene pagwira bwino pepala limakana kutuluka. Pamene latuluka mosavuta ndi pamene pali mpata. Yendani nalo kuzungulira galasi lonse, makamaka pakona yakutsogolo pamene denga, galasi la chitseko ndi felemu ya galasi lakutsogolo zimakumana, ndi pamene zidutswa za labala zimalumikizana, popeza labala wa m'mbali mwa denga sakhala mmodzi, amakhala zidutswazidutswa kuti denga lizipindika.

Musathamangire kugula atsopano. Labala amene sanang'ambike nthawi zambiri amangofuna kutsukidwa ndi kudzozedwa. Tsukani ndi madzi a sopo wofewa ndi kansalu mpaka kansaluko kasiye kuda, umitsani, pakani girizi wa silikoni pang'ono ndi chala, musiye alowerere, pukutani wotsala. Akasowa, gilisalini wa kufamase amathandiza, kungoti mvula imamutsuka msanga. Chimene simuyenera kupaka ndi Vaseline, oyilo wa injini, girizi wamba kapena dizilo. Labala wa mtundu umenewu amatupa ndi mafuta ochokera ku petulo, amafewa n'kuyamba kunyenyeka. Tsiku loyamba amaoneka wakuda bwino, wonyezimira, n'chifukwa chake anyamata ena otsuka magalimoto amakonda kupaka zoterezi kuti bwana asangalale. Auzeni mwaulemu kuti malabala ndi denga azikusiyirani. Ndipo girizi wa silikoni si silikoni womatira uja wa m'chubu. Womatirayo akauma amalimba, amalepheretsa labala kukhala bwino pagalasi, sagwira pansalu, ndipo choipitsitsa amatseka tinjira timene opanga anasiya dala m'malabala kuti madzi azitsikiramo. Galimoto yomatidwa silikoni imadontha kuposa kale, kungoti madzi asintha njira.

Ngati mpata ulipobe, pali zosintha ziwiri. Zitsulo zimene zimagwira malabala padenga zimamangidwa ndi masikuluwu, ndipo mukawamasula pang'ono zimasuntha kupita kunja kuti labala akanikize galasi. Kutalika kumene galasi limafika kumasinthidwanso m'kati mwa chitseko. Sunthani pang'onopang'ono, milimita imodzi n'kuyesanso ndi pepala, ndipo lembani ndi cholembera pamene chinthu chinali musanachisunthe. Mukapitirira muyezo chitseko chimayamba kuvuta kutseka ndipo galasi limadya labala.

Kutsogolo, denga limakokedwa ndi maloko kuti likanikize labala wa pamwamba pa galasi lakutsogolo. NA ndi NB zili ndi maloko awiri, kumanzere ndi kumanja, pa NC ndi ND loko lili limodzi pakati. Pa maloko awiri aja pali kanati kosinthira kulimba kwake. Loko limene likutsekeka popanda kukana ngakhale pang'ono lakhwepa, ndipo mudzamvanso mphepo ikuimba mluzu pamenepo mukathamanga pamsewu wa M1. Limbitsani mbali zonse mofanana.

Madzi a kumapazi kutsogolo pa NC ali ndi gwero lake lodziwika. Pansi pa mawayipa pali chophimba cha pulasitiki chomangidwa ndi masikuluwu amene amalowa m'timapulagi tokhala ndi kasiponji kotseka madzi. Kasiponjiko kakatha, madzi amadutsa pabowo n'kugwera kuseri kwa dashibodi, kufupi ndi bokosi la mafyuzi la m'kati. Apa pokha ndi pamene womatira ali ndi ntchito: chotsani chophimbacho, yeretsani, matani mozungulira timapulagito. Pa galimoto ya m'badwo uliwonse, kumbukiraninso pepala la pulasitiki limene limakhala m'kati mwa chitseko kuseri kwa chophimba. Madzi amalowa m'chitseko mwachibadwa n'kutulukira m'mabowo a pansi pake, ndipo pepalalo ndi limene limawaletsa kulowera m'kati mwa galimoto. Oika masipika amakonda kuling'amba n'kulisiya choncho.

Nsalu yeniyeniyo

Tsopano ndi pamene tingayang'ane denga lenilenilo. Lilipo la mitundu iwiri: la vinilo, losalala ngati chikopa, ndi la nsalu yolukidwa imene pakati pake pali labala wopyapyala. Pa la nsalu, chotseka madzi ndi labala wa pakatiyo, choncho kunja kukanyowa n'kuda sindiye kuti likudontha. Koma nsalu imene ikumwa madzi imachedwa kuuma n'kuyamba ndere ndi nkhungu, ndiye ikasiya kuchita timadontho toyenderera ikufuna mankhwala oteteza madenga a nsalu, opakidwa denga litatsukidwa n'kuuma bwino.

Dzuwa lathu limayamba kudya ulusi nsalu isanathe. Yang'anani misoko, makamaka yozungulira galasi lakumbuyo, ndi m'mbali pamene nsalu imapindika n'kukhulana ndi zitsulo. Lowani m'kati masana, denga lotseka, muyang'ane pamene kuwala kukulowa. Msoko wosomphoka, wosoka mipando ya galimoto waluso, monga amene amapezeka ku Ndirande, akhoza kuubwereza, bola agwiritse ntchito ulusi wa poliyesitala wosaola, osati wa thonje, ndipo adutse m'mabowo akale m'malo mobaya atsopano.

NA inabwera ndi zenera lakumbuyo la pulasitiki lokhala ndi zipi. Tsegulani zipiyo n'kugoneka zeneralo bwinobwino musanapinde denga, apo ayi limapindika pakati n'kusweka, makamaka m'mawa wozizira wa mu Juni. Musalipukute louma lili ndi fumbi, limakalika n'kuchita chifunga. Kuyambira pa NB zenera ndi lagalasi, ndipo vuto lake ndi guluu amene amaligwira kunsalu: akatopa ndi kutentha, galasi limayamba kulekana ndi nsalu m'munsi kapena m'makona.

Potsuka, madzi ambiri, burashi yofewa ndi sopo wofewa n'zokwanira. Sopo waufa wochapira zovala ndi Jik zimachotsa mankhwala oteteza nsalu ndipo zimafooketsa ulusi. Makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukitsa magalimoto asayandikire denga ndi malabala. Zitosi za mbalame ndi za mileme, ndi utomoni wa mango, chotsani tsiku lomwelo. Denga lonyowa musalipinde n'kulisiya usiku wonse, ndipo ngakhale louma lisakhale lopinda masabata, limachita makwinya n'kufupika mpaka maloko kuvuta kufika.

Kuumitsa, magetsi ndi dzimbiri

Kutseka polowera madzi ndi theka la ntchito. Pansi pa kapeti pali siponji yokhuthala imene imasunga madzi ambiri, pamwamba pakuoneka pouma. Dinani ndi chikhatho mwamphamvu, mudzamva. Siponji imeneyi siuma yokha m'dzinja. Chotsani mipando, imene imamangidwa ndi mabawuti anayi uliwonse, tukulani kapeti, finyani madzi ndi matawulo, ikani timitengo pansi pake kuti mphepo izidutsa, galimoto ikhale padzuwa denga lotsegula mpaka siponjiyo iume ndithu. Ngati mipando yanu ili ndi ma airbag, matumba a mpweya oteteza pangozi, mudzaona pulagi yachikasu pansi pake: zimitsani galimoto, chotsani waya wa batire, dikirani mphindi zingapo musanaizule, ndipo musayatse galimoto pulagiyo ili yozula. Nkhungu imachoka ndi viniga wosungunula ndi madzi.

Chifukwa chochitira changu ndi magetsi. Pa NA ndi NB za chiwongolero cha kumanja, zimene ndi zathu kuno, kompyuta ya injini ili kumapazi a wokwera wa kumpando wa kumanzere, pansi pa kapeti, kuseri kwa chitsulo chophimba. Pa Porsche Boxster yoyambirira, kabokosi ka alamu ndi loko wa injini kali pansi pa mpando wa kumanzere, pamene madzi osefukira amathera, ndipo kakanyowa galimoto silira. Pa BMW Z4 ya 2002 mpaka 2008, mota ndi pampu yokweza denga zili m'kachikhokho kumanzere, kuseri kwa mpando. Payipi ya mbali imeneyo ikatsekeka mota imamira, denga limayamba kuyenda mwaulesi kenako n'kuima, n'chifukwa chake eni ambiri amaisamutsira m'buti. Denga lamagetsi likayamba kuchedwa, musapitirize kudina batani. Yang'anani madzi kaye.

Dzimbiri ndilo limapha magalimotowa. Galimoto wamba imalimba chifukwa cha denga lake lachitsulo. Yopinda denga ilibe zimenezo, mphamvu yake yambiri ili pansi, m'zitsulo zamphako za m'munsi mwa zitseko zija, ndipo ndi momwemo mmene madzi a payipi yotsekeka amakadikha. Zimaola kuchokera m'kati, choncho mukaona penti ikutuwa matuza kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, m'katimo zafika kale patali. Gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: chitsulo chabwino chimalira, chowola chimamveka bii, mwinanso kubooka. Maginito akakana kugwira pamalo ena a zitsulo zimenezi, pamenepo anamatapo fila, phala lotsekera mabowo, n'kupenta. Pa NB yang'ananinso zitsulo ziwiri za chasisi kutsogolo, m'mbali mwa injini, chifukwa nazo zimaola kuchokera m'kati. Galimoto imene inakhalako ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu, muiyang'ane pansi kawiri musanapereke ndalama. Powola pamafunika kudula n'kuwotcherera chitsulo chatsopano, kunja ndi m'kati momwe, ndipo wowotchererayo mumuuze asiye timipata totulutsira madzi tija, chifukwa ambiri amatseka mzere wonse poganiza kuti akukuchitirani zabwino. Akamaliza, m'mphakomo apoperemo phula loteteza dzimbiri.

Za poimika: shedi ya malata, ngakhale yopanda makoma, imateteza denga ku dzuwa ndi ku zinyalala nthawi imodzi, pamene mtengo umachotsa dzuwa n'kubweretsa zinyalala. Lona wapulasitiki womangirira pagalimoto amasunga chinyezi ndipo mphepo ikamamuwomba amakhula penti ndi zenera lakumbuyo. Ngati shedi palibe, chophimba cha denga lokha, chansalu yodutsa mpweya, chimene chimaphimba kuyambira pagalasi lakutsogolo kufika pa mpata wa kumbuyo uja, chimachepetsa kwambiri zolowa m'ngalande. Muchichotse mvula ikatha kuti pansi pake paume.